Matochi Awiri a Dzina Limodzi, Kuwala Kosiyana: Mafunso ndi Mayankho pa Magiredi a LED

Anthu okonda matochi apamwamba, aja oti mtengo wa imodzi ungakugulireni matochi a pamsika odzaza jumbo, ali ndi dandaulo limodzi losatha. Munthu waitanitsa matochi awiri a dzina limodzi, kwa wogulitsa mmodzi, afika m'bokosi limodzi. Kuwayatsa pakhoma, ina ikuwala moyera ngati mkaka, inzakeyo ikuoneka ngati yaviikidwa m'madzi a ndere. Mafunso ali apawa ndi amene amabwera munthu akakumana ndi zoterezi. Mawu ena, monga bin ndi tint, ndawasiya momwe ogulitsa amawalembera, chifukwa ndi amene mudzawafune pogula.

Zimatheka bwanji kuti ma LED opangidwa ndi makina amodzi asiyane?

Choyamba dziwani kuti LED yoyera, kababu kakang'ono kotulutsa kuwala mu tochi, siyoyera ayi. Mkati mwake muli kachidutswa kotulutsa kuwala kwa buluu, ndipo pamwamba pake amapakapo ufa wachikasu wotchedwa phosphor. Ufawu umameza gawo lina la buluuyo n'kulibweza ngati chikasu, nthawi zina ndi kufiirira komwe. Buluu wotsala akasakanikirana ndi chikasucho, diso limati zoyera izi. Kuyera kwa tochi yanu ndi msanganizo ngati tiyi wamkaka: mkaka ukachuluka pang'ono kapena kuchepa, kapu yaoneka mwina.

LED ya buluu yowala kwambiri inatuluka ku kampani ya Nichia ya ku Japan mu 1993, ntchito ya Shuji Nakamura, yemwe mu 2014 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Yoyera inatsatira mu 1996. Zaka zonsezi, palibe fakitale imene yakwanitsa kuti ma LED ake onse azituluka chimodzimodzi. Tizidutswa tabuluu timapangidwa zikwizikwi pa chimbale chimodzi chopyapyala, m'ng'anjo yotentha koopsa, ndipo ta pakati ndi ta m'mphepete sitilandira kutentha mofanana ndendende. Phosphor nayo apa yachindikala pang'ono, apo yapyapyala. Amene anaotchapo uvuni wa njerwa akudziwa. Dothi limodzi, chikombole chimodzi, moto umodzi, koma pophwasula mupeza zina zapsa mpaka kuda, zina zofiira bwino, za m'mbali zosapsa kwenikweni.

Nanga bin n'chiyani?

Ndi giredi. Poti sangathe kuwapanga ofanana, amawayeza akatha kupangidwa, imodziimodzi, n'kuwaika m'magulu, monga mlimi amasankhira fodya asanadinde belo. Amayeza zitatu: kuchuluka kwa kuwala, mtundu wa kuwalako, ndi ma volt amene LED ikufuna kuti iyake. Gulu lililonse lili ndi zilembo ndi manambala ake, olembedwa pa mpukutu umene ma LED amagulitsidwiramo. Za ma volt zija n'za opanga tochi. Inu ogula zikukukhudzani ndi ziwiri zoyambazo.

Bin ili ngati khola: chilichonse chogwera mkati mwa mpandawo chimalandira dzina limodzi, kaya chili pakati, kaya chatsamira kumpanda. Ma LED awiri a bin imodzi akhoza kukhala ina ngodya iyi, ina ngodya yakutali iyo.

Pa matochi ambiri pamalembedwa T6. Ndi dzina la LED?

Ayi. T6 ndi giredi ya kuchuluka kwa kuwala pa LED ya kampani ya Cree yotchedwa XM-L. Pa mapepala a Cree, XM-L ya T6 imatulutsa ma lumen (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) osachepera 280 ikapatsidwa magetsi a 700 mA. T5 ndi 260, U2 ndi 300, kutanthauza kuti giredi ndi giredi zimasiyana pafupifupi 7 peresenti. Ma LED ena a Cree ali ndi magiredi awo: XP-G inali ndi ma R5 ake, XP-L ili ndi V5 ndi V6.

Nthawi imene XM-L inatchuka, T6 inali yosiririka, ndiye dzinalo linakakamira. Mpaka lero mumalipeza pa matochi otchipa, pambali pake pali lonjezo la ma lumen 50,000 kapena kuposa. XM-L yeniyeni ikakankhidwa mpaka pamapeto pake, pa 3 A, imafika cha m'ma lumen 1000. Zoposa apo ndi inki chabe. Ndipo zilembo ziwirizi sizikuuzani kalikonse za mtundu wa kuwala.

Ndiwonjezere ndalama kuti ndipeze giredi yapamwamba ya lumen?

Ine sindingatero. Diso siliona kusiyana kwa 7 peresenti. Kuti tochi ioneke ngati yawala kawiri, pamafunika ma lumen ochuluka pafupifupi kanayi. Koma kubiriwira, ngakhale kochepa chabe, diso limakutola nthawi yomweyo, ndipo mukakuona kamodzi simusiya kukuona.

Manambala awa a 6500K, 5000K, 4000K akutanthauza chiyani?

K ndi kelvin. Chitsulo chikamatenthedwa chimayamba kufiira, kenako chikasu, kenako kuyera, ndipo chinthu choti chingatenthe kupitirira apo chimayamba kuoneka chabuluu, monga nyenyezi zina. Kuwala kwa LED amakuyerekeza ndi chinthu chotentha choterocho. Kandulo ili cha m'ma 1900K, babu wakale wa waya uja 2700K, dzuwa la masana cha m'ma 5500K, tsiku la mitambo 6500K.

Chosokoneza n'chakuti ogulitsa amatcha nambala yotsika warm white, yokwera cool white, pamene kunena zoona yokwerayo ndiye yotentha. Zapakati, 4000K mpaka 5000K, amati neutral white. Matochi ambiri a pamsika ali pa 6500K kapena kupitirira, ndiye aja othobwa m'maso. Pakhoma amaoneka owala kwambiri, koma kawayeseni m'nkhungu ya Chiperoni kapena m'fumbi la mu Okutobala, kuwala kumakubwererani kumaso.

Matochi anga onse awiri ndi 4000K, koma ina ndi yobiriwira, ina yapinki. Wandinamiza ndani?

Mwina palibe. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya tint, kutanthauza mtundu umene kuwala koyerako kwapendekera.

Pali tchati cha mitundu chomwe bungwe loona za kuwala la CIE linakhazikitsa mu 1931, ndipo pakati pake pamadutsa mzere wokhota wosonyeza mitundu ya chinthu chotentha chija, kuchoka kofiira kupita kwa buluu. Tiuyerekeze ndi msewu. Kelvin amakuuzani kuti mwafika pa kilomita iti. Sakuuzani ngati muli paphula kapena mwapatukira kutchire. Chokuuzani zimenezo ndi nambala ina yotchedwa Duv. Ikakhala ziro muli pamzere penipeni. Ikakhala ndi + muli pamwamba pa mzere, kuwala kumapendekera kobiriwira kapena kwachikasu. Ikakhala ndi − muli pansi pake, kumapendekera kwapinki. Manambala ake ndi aang'ono zedi: 0.003 diso lozolowera limaiona, ndipo muyezo wa ku America wa ANSI C78.377 umalola pafupifupi 0.006 mbali iliyonse, n'kumatchabe zonsezo kuti zoyera. Choncho matochi anu awiri akhoza kukhala 4000K mosanama, ina kutchire la kumanja, ina la kumanzere.

Cree amalemba zimenezi ndi nambala ndi chilembo. Nambala ndi ya kelvin: 1 ndi cha m'ma 6500K, 3 cha m'ma 5000K, 5 cha m'ma 4000K, 7 cha m'ma 3000K. Chilembo ndicho chimanena mbali. A ndi D zili pansi pa mzere, B ndi C zili pamwamba. N'chifukwa chake okonda matochi amasakasaka 3A, 3D, 5A kapena 5D, n'kumakwinya nkhope akaona 1C kapena 3B. Kwa Nichia, imene inatchuka ngati mfumu ndi 219B ya sw45k: 45 ndi 4500K, ndipo k wakumapetoyo ndi gulu la pansi pa mzere. Ma lumen ake ndi ochepa poyerekeza ndi ma LED a masiku ano, koma mpaka pano anthu amaifunabe chifukwa cha kuwala kwake kofiirira mwaulemu.

Koma kubiriwirako kwalakwanji? Si kukokomeza chabe?

Kukokomeza kulipo ndithu, tibwererako kumapetoku. Koma si nkhani ya okonda matochi okha. Yoshi Ohno wa ku bungwe loona za miyezo la NIST ku America anachita kafukufuku yemwe anatuluka mu 2014: anthu anaikidwa m'chipinda, kuwala kukusinthidwa, ndipo ambiri anasankha kwa pansi pa mzere, cha m'ma −0.015, kutali ndithu ndi pomwe mababu ambiri amakhala. Ine ndikuona kuti chifukwa chake n'chapafupi. Nkhope ya munthu pa kuwala kobiriwira imaoneka yodwala, ndiwo zimaoneka zogona. Pa kuwala kofiirira pang'ono zonse zimaoneka zamoyo.

Ena amalemba 3-step. Masitepe a chiyani?

Mu 1942 David MacAdam, yemwe ankagwira ntchito ku Kodak, anayeza kuti mitundu iwiri iyenera kutalikirana bwanji pa tchati chija kuti munthu ayambe kuisiyanitsa. Zotsatira zake zinali timizere tozungulira ngati dzira, ndipo kukula kwa dziralo ndiko amawerenga m'masitepe. Sitepe imodzi palibe angaone kusiyana. Atatu, muona pokhapokha matochi ali pafupi ndipo mukuyang'anitsitsa. Makola a ANSI aja ndi aakulu ngati masitepe 7, ndipo kumeneko aliyense amaona. Nichia 519A yolembedwa sm453 ndi 4500K ya masitepe atatu, sm573 ndi 5700K ya masitepe atatu.

Chenjezo limodzi. 3-step imalonjeza kuti ma LED afanana, sikuti akhala apinki. Pakati pa dziralo nthawi zambiri pamakhala pamwamba pa mzere pang'ono, makamaka pa 5000K kupita m'mwamba. Mukhoza kulandira matochi khumi ofanana bwinobwino, onse obiriwira mofanana.

CRI ndi tint n'chimodzi?

Ayi, ngakhale anthu amazisakaniza kwambiri. Tint ndi mtundu wa kuwala kwenikweniko. CRI ndi momwe zinthu zimaonekera kuwalako kukazigwera. Dzuwa ndi babu wa waya zili pa 100, nambala yapamwamba koposa. LED wamba yoyera mwabuluu ili cha m'ma 70.

Nambala ya CRI imene imalembedwa pa bokosi imachokera pa mitundu 8 yofuwirira, ndipo kufiira kwenikweni, komwe amakutcha R9, sikuwerengedwa nawo. LED ikhoza kulembedwa CRI 90 koma kufiira kwake kuli kofooka, ndipo pa ma LED a CRI 70 nambala ya R9 imatha kutsika kupitirira ziro. N'chifukwa chake Nichia amalemba R9080, kutanthauza CRI yosachepera 90 ndi R9 yosachepera 80, kapena R9050 pamene R9 ndi 50.

Zimenezi ndi zantchito, si zodzionetsera. Wokonza magetsi akufuna kusiyanitsa waya wofiira ndi wabulauni mkati mwa bokosi. Wosenda mbuzi usiku akufuna kuona nyama momwe ilili. Njoka ili m'masamba ouma imaoneka msanga ngati mitundu ya bulauni sinasanduke phulusa limodzi. Khungu lathu lakudali ndiye limaonetsa bwino kusiyanaku: pa tochi yabuluu ya CRI 70 munthu amaoneka wotuwa ngati sanadzole, pa R9080 amaoneka momwe mumamudziwira masana. Mtengo wake ndi ma lumen, chifukwa phosphor yofiira imadya kuwala kwina.

Ndipo CRI yokwera sichotsa kubiriwira. Samsung LH351D ya CRI 90 imadziwika kuti imaonetsa mitundu bwino, komanso imadziwika kuti kawirikawiri imatsamira kobiriwira.

Ngati tochi ndi yodula chonchi, bwanji opanga sasankha giredi yabwino yokhayokha?

Pali zifukwa zingapo, ndipo zonse ndi zamalonda. Fakitale ya LED siingataye ma LED ogwera m'makola ena, ndiye nthawi zambiri imagulitsa makola angapo pa oda imodzi. Wofuna khola limodzi lokha alipire zambiri, adikirenso. Kampani yopanga matochi zikwi zambiri pamwezi siingaimitse ntchito kudikira 3D.

Chachiwiri n'chochenjera. Lumen ndi muyezo wotsata diso la munthu, ndipo diso limamva kwambiri kuwala kobiriwira. LED yopendekera kobiriwira imawerenga ma lumen ambiri pa mphamvu yomweyo kuposa yapinki. Pa bokosi chimene chimagulitsa ndi nambala yaikulu. Muyezo wa matochi wa ANSI FL1, womwe unayamba mu 2009, umanena za ma lumen, mtunda umene kuwala kumafika, nthawi imene batire limatha, kugwa pansi ndi madzi. Za tint ndi CRI sunenapo kanthu.

Ndalama zanu zambiri zija zapita ku thupi lolimba la tochi, ku driver yoyendetsa magetsi bwino, ku mphira zotsekera madzi, ndi ku chitsimikizo. Mtundu wa kuwala wasiyidwa kumwayi, ndipo okonda matochi amautcha tint lottery. Chodabwitsa n'chakuti amene amakulolani kusankha LED ndi kelvin nthawi zambiri ndi opanga ang'onoang'ono, monga Convoy, Emisar ndi Noctigon, omwe matochi awo ambiri sadula ngati a makampani akuluakulu. Zebralight amaika chilembo kumapeto kwa dzina: w ndi neutral white, c ndi CRI yokwera cha m'ma 4000K, d ndi CRI yokwera cha m'ma 5000K.

Tochi yanga ikakhala pa low ndi yobiriwira, ikakhala pa turbo ili bwino. Yafa?

Ili moyo. Giredi ya LED imayezedwa pa mlingo umodzi wa magetsi ndi kutentha kumodzi: XM-L yakale ankaiyeza pa madigiri 25, XM-L2 pa 85. Mukaipatsa magetsi ochepa kuposa pamenepo, mtundu umasuntha. Luminus SST-20 ya 4000K ndiyo chitsanzo chodziwika: pa magetsi ochepa imabiriwira, mukaikankha imayera bwino.

Matochi ena amachepetsa kuwala pozimitsa ndi kuyatsa LED mofulumira kwambiri, njira yotchedwa PWM. Kumeneko LED imalandira magetsi ofanana nthawi iliyonse yayaka, ndiye mtundu susintha kwambiri. Driver yapamwamba, yochepetsa magetsi enieniwo, imasunga batire ndipo siphethira, koma ndi imene imaulula kubiriwira kwa pa low. Apa tochi yabwino ndi imene imaoneka yolakwa.

Pakati pa kuwala m'poyera, m'mbali muli mkombero wachikasu. Nanga izi?

Izi si za bin. Kuwala kotuluka molunjika kumadutsa phosphor yochepa, kotulukira m'mbali kumadutsa yambiri, ndiye kumakhala kwachikasu. Mbale yonyezimira yozungulira LED mkati mwa tochi, ikakhala yosalala, imatenga kusiyanaku n'kukujambula pakhoma. Cree XHP70.2 inatchuka nalo vutoli. Mbale yokhakhala ngati khungu la lalanje imasakaniza bwinoko, ndipo galasi lapulasitiki la TIR, makamaka lokhala ndi timaanga, limasakaniza koposa. Ngakhale galasi lakutsogolo lili ndi mbali yake: lija lopakidwa mankhwala ochepetsa kunyezimira, looneka lapepo mukalipendeketsa, limabweza kuwala kwina kwapepo, ndipo kotuluka kumabiriwira pang'ono.

Ndamva zochotsa kachipewa ka LED. Zimathandiza?

Kachipewako ndi kamphira koonekera kozungulira pamwamba pa LED, ndipo kukachotsa amati dedome. Kuwala kumafika patali kuposa kale, ma lumen amatsika pang'ono, kelvin amatsika kwambiri. Pa Nichia 519A kachipewa kamachoka mosavuta, ndipo mtundu umatsikira pansi pa mzere: ya 5700K imasanduka ya cha m'ma 4200K yofiirira, ndicho chifukwa chake ambiri amaigula n'cholinga choivula. Koma musayese kuti LED iliyonse imatero. Kale anthu ankaviika XP-G2 ndi XM-L2 mu petulo kuti kachipewa kafewe, ndipo zambiri zinkatuluka zobiriwira kuposa poyamba. Ma LED amenewa alinso ndi timawaya topyapyala kuposa tsitsi. Yanga yoyamba ndinadula kamodzi ndi lezala, basi inathera pomwepo. Ngati manja anu sanazolowere, gulani zopangidwa kale zopanda kachipewa, monga za Cree zolembedwa HI.

Ndalandira yobiriwira. Ndiibweze?

Ngati wogulitsa analemba bin yeniyeni ndipo wakutumizirani ina, muli ndi mlandu womveka. Ngati analemba neutral white basi, ambiri sangavomere kuti tochi ili ndi vuto, ndipo kutumiza phukusi kubwerera kunja kukhoza kukudyerani ndalama zofanana ndi tochiyo.

Chotchipa ndi kapepala kapulasitiki kapinki kamene ojambula mafilimu amagwiritsa ntchito, kotchedwa minus green. Lee Filters ali ndi nambala 279 yofooka kwambiri, 249 yapakati, ndi 248 yamphamvu. Mumadula kozungulira n'kuika pagalasi. Kamadya kuwala kwina, ndipo pa tochi yotentha kwambiri kamafuwa pakapita nthawi. Mkombero wachikasu umachepa ndi pulasitiki yomata yosaonekera bwino, ija ya pa mawindo a kubafa. Wodziwa kuwotcherera akhoza kusintha LED yonse, bola ikhale ya kukula ndi ma volt ofanana, koma chitsimikizo chimathera pomwepo.

Ndingadalire zithunzi za pa intaneti?

Pang'ono chabe. Kamera ya foni imakonza yokha mtundu kuti chilichonse chioneke choyera, ndipo sikirini yanu ili ndi tint yakeyake. Chithunzi chothandiza ndi chimene matochi awiri ali pamodzi ndipo white balance, kudzikonzera mtundu kwa kamera kuja, yatsekedwa pa nambala imodzi. Zoposa apo ndi manambala oyezedwa. Pali kachipangizo kotchipa ka Opple Light Master kamene ambiri amayezera kelvin ndi CRI n'kuwerengera Duv. Sikafika pa makina a mu labotale, koma kamakuuzani mbali ya msewu imene muli.

Diso lanunso ndi kamera yodzikonza yokha. Yatsani tochi ya 4000K masana, ioneka yachikasu. Yatsani yomweyo pakati pa usiku magetsi atathima, patapita mphindi zochepa ioneka yoyera mbee.

Bwanji matochi ena amasakaniza ma LED a kelvin osiyana?

Chifukwa msewu uja ndi wokhota. Mukasakaniza 2700K ndi 5700K, zonse zili pamzere, msanganizo wake umagwera pa chingwe chowongoka cholumikiza malo awiriwo, ndipo chingwecho chimadutsa pansi pa mzere wokhotawo. Mwapeza kufiirira kwaulere. Matochi ena oyendera pulogalamu ya Anduril amakulolani kusuntha msanganizowu ndi batani.

Ndiye inuyo mungagule yotani?

Ya m'thumba ndi ya panyumba, 519A ya 4500K kapena 5000K, R9080, kumbuyo kwa TIR. Younikira patali kumunda kapena kudambo, kumene ndikufuna kungodziwa ngati ndi galu kapena fisi, CRI sindiilabadira, nditenga LED yaing'ono yopanda kachipewa monga Luminus SFT-40 kapena Osram W1. Ndisanalipire ndimafunsa wogulitsa zitatu: dzina lonse la LED, kelvin, ndi bin ya tint. Akayankha kuti ndi yowala kwambiri bwana, ndadziwa kuti ndalowa mu lottery ija.

Ndinati tibwerera ku zokokomeza. Khoma loyera ndi malo oipitsitsa oweruzirapo tochi, ndipo okonda matochi timathera maola tikuliyang'ana, tochi kudzanja ili, ina kudzanja ilo. Yanga yooneka ngati ya madzi a ndere ndinaisiya m'dirowa miyezi ingapo. Tsiku lina magetsi atathima ndinaitola yokha, ndinapita nayo kukatseka khola la nkhuku, n'kubwerako, ndipo kubiriwira kwake ndinakukumbukira nditaiunika kale pakhoma la pabalaza.